Kulandira manambala a Arduino mu C: fopen, termios kapena libserialport?

Anzathu amene mukuika kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi, monga DS18B20, m'maiwe a chambo kuno ku Mangochi, posakhalitsa mufunika pulogalamu ya C yolandira manambala amene Arduino, kabolodi kowerenga kachipangizoko, ikutumiza pa chingwe cha USB. Njira zake zilipo zitatu.

Ambiri amathamangira fopen. Pa Linux, port (khomo limene kompyuta imalankhulira ndi Arduino) imaoneka ngati fayilo: /dev/ttyACM0 pa Arduino Uno yeniyeni, /dev/ttyUSB0 pa zotchipa zija za chip ya CH340. Ndiye munthu amangoitsegula ndi fopen n'kumawerenga ndi fgets. Zikayenda, ndi mwayi chabe. fopen sidziwa kanthu za liwiro la port, choncho Arduino ikamatumiza pa 9600 pomwe port yatsala pa liwiro lina, pa sikirini pamangobwera zilembo zopanda mutu. Komanso fgets imadikira mzere wathunthu. Arduino ikasiya kutumiza kudziwe, pulogalamu imangoti duu mpaka mawa, inu mukuganiza kuti ikulemba.

termios ndi njira ya Linux yokha-yokha ndi anzake a Unix, ndipo sifuna kudawuniloda chilichonse: gcc (compiler ya C) ikakhalapo pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, basi. Mumatsegula ndi open, mutaika O_RDWR ndi O_NOCTTY. Mumatenga makonzedwe a port ndi tcgetattr, n'kuika B9600 kudzera pa cfsetispeed ndi cfsetospeed, cfmakeraw kuti zilembo zizidutsa osasinthidwa, kenako tcsetattr. Chimene ndimaikondera kwambiri ndi VMIN (chiwerengero chochepetsetsa cha zilembo zoti read idikire) ndi VTIME (nthawi yodikira). Mukaika VMIN pa 0 ndi VTIME pa 10, read imadikira sekondi imodzi yokha n'kubwerera chimanjamanja, ndipo pulogalamu imadziwa kuti kachipangizo kakhala chete. M'kutentha kwa Okutobala, pamene mukufuna kudziwa msanga mmene madzi afundira, zimenezi n'zofunika zedi.

Koma imafuna kudekha. read siilonjeza mzere wonse. 31.5 ikhoza kufika ngati 31 poyamba, .5 pambuyo pake, ndiye muyenera kusonkhanitsa zilembo mu buffer yanu (malo osungira mongoyembekezera) mpaka \n, chizindikiro cha mapeto a mzere, itafika. Port ikakana kutseguka ndi uthenga wa Permission denied, dzilowetseni m'gulu la dialout (la ololedwa kugwiritsa ntchito port) m'malo moyendetsa zonse ndi sudo. Vuto lalikulu lili pa Windows, chifukwa termios kulibeko. Kumeneko mulemberanso ndi CreateFile, DCB ndi SetCommState, ndipo kuyambira COM10 kupita m'tsogolo dzina la port limafuna \\.\ kumayambiriro kwake.

libserialport, yochokera ku gulu la sigrok, inapangidwira bvuto lomweli. Code imodzi imayenda pa Linux, Windows ndi macOS. Mumaitana sp_get_port_by_name, sp_open, sp_set_baudrate, kenako sp_blocking_read, imene mumaiuza mamilisekondi oti idikire. Ilinso ndi sp_list_ports yoonetsa ma port onse, yothandiza pamene Windows yasintha COM3 kukhala COM5 chifukwa mwalowetsa chingwe pabowo lina. Pa Raspberry Pi OS mumangoika libserialport-dev. Pa Windows pali kantchito koikonza, ndipo fayilo yake ya DLL iziyenda ndi pulogalamu mukamakopera mnzanu pa flash. Kusonkhanitsa mzere kuja kukadali ntchito yanu kunonso.

Ine ndikuona chonchi: ngati kakompyuta kadzakhala pa dziwe kakuyenda Linux yokha, termios ikukwanira. Ngati pulogalamu yomweyo idzapitanso pa laputopu ya Windows ya mlangizi wa nsomba, yambirani pa libserialport, musalembe kawiri.

Njira iliyonse imene mwasankha, Uno imayambiranso port ikangotsegulidwa, chifukwa cha DTR, chizindikiro chimene kompyuta imatumiza potsegula port, ndiye dikirani masekondi awiri musanakhulupirire manambala oyamba.

fopen musaitaye. Malo ake ndi pa fayilo yosungira manambala: tsegulani ndi "a" kuti zatsopano zizipita kumapeto, lembani ndi fprintf. Apa samalani za magetsi. fprintf imasunga zolemba mu buffer, fflush imazikankhira ku kernel (mtima wa Linux), koma fsync ndiyo imazifikitsa pa SD card. Mukaisiya, magetsi akazima mizere yomaliza imapita nawo. Ngati mukuyeza mphindi zisanu zilizonse, itanani fflush ndi fsync pa mzere uliwonse, card siitopa nazo.