WhatsApp, Google Keep, Notion kapena Obsidian: manotsi anu agone pati?

Munthu wamkulu akabwerera ku maphunziro sakhala ndi desiki kapena belu lomuuza kuti nthawi yowerenga yakwana. Mphunzitsi amene akuchita digiri ya ODeL (yophunzirira kutali ndi sukulu) ku Mzuzu University, namwino amene akutolera mapointi a CPD (maphunziro owonjezera a pantchito), kalaliki amene akukonzekera mayeso a ICAM (bungwe la akatswiri owerengera ndalama), onsewa amawerenga mobera nthawi: m'minibasi, pamzere ku banki, usiku ana atagona. Ndipo foni imene ili ndi manotsi a kalasi ndi yomweyonso ili ndi manambala 20 a tokeni ya magetsi, tsiku la sikelo ya mwana, mayina a otenga katundu pangongole ndi masheya a banki m'khonde. Mapulogalamu onse anayi amene ndikuyerekeza pano amalandira zolemba bwinobwino. Amasiyana pobweza. Chimene munalemba mu Januwale, kodi mudzachipeza mu Okutobala, bandulo itatha, mayeso ali mawa?

Ambirife tili kale pa WhatsApp ngakhale sitiiwerengera ngati kope. Kumapeto kwa 2022 inayamba kulola munthu kudzitumizira uthenga yekha, pamene kale anthu ankatsegula gulu n'kuchotsamo mnzawo kuti atsalemo okha. Mphamvu yake ndi yakuti zinthu zimatifikira momwemo. PDF ya aphunzitsi, ndandanda ya mayeso, voice note yofotokoza asainimenti, zonse zimagwa m'gulu la kalasi, ndiye kuzikankhira ku nambala yanu n'kudina kawiri basi. Komanso Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a WhatsApp yokha otsikirapo mtengo kuposa a intaneti yonse, choncho pali masiku ambiri amene pulogalamu yokhayo yolumikizika pafoni imakhala imeneyi.

Koma WhatsApp imadziwa dongosolo limodzi lokha, la nthawi. Chatsopano chimakankhira chakale m'mwamba, ndipo palibe njira yoika pamodzi zonse zokhudza phunziro limodzi. Uthenga mungaukonze mkati mwa mphindi 15 zokha. Zikadutsa, cholakwikacho chakhazikika, pamene manotsi a munthu wophunzira amafunika kuwabwerera n'kumawonjezera akamvetsa zambiri. Mauthenga okhomeka pamwamba pa macheza sapitirira atatu, ndipo akhomedwa motalika bwanji sadutsa masiku 30. Kufufuza kumagwira mawu amene munatayipa, koma chithunzi cha bolodi chotchedwa IMG ndi manambala simungachiitane ndi zimene zalembedwa pabolodipo. Ndiye pali tsiku lija foni imadandaula kuti malo atha: munthu amafufuta zithunzi ndi mavidiyo mothamanga, manotsi a temu yonse n'kupitira limodzi ndi mavidiyo a ukwati. Kuyambira 2024, backup ya WhatsApp pa Android imadya nawo ma GB 15 aulere a Google, ndiye akadzaza backup imaima. Ndipo nambala ikakhala osalumikizika pafupifupi masiku 120, akaunti ikhoza kufufutidwa. Chimanga chimatsitsidwa pabwalo koma chimagona m'nkhokwe. WhatsApp ndi bwalolo.

Google Keep, imene inatuluka mu 2013, ndi imene ndimauza munthu aliyense wa Android kuti ayambe nayo. Imatseguka msanga ngakhale pafoni ya memori yochepa, ndipo simafunsa kuti mukonze kanthu musanalembe. Netiweki ikasowa mumalemba ndithu, mumawerenga zakale, kenako ikapeza intaneti imadzitumizira yokha ku akaunti yanu ya Google. Foni ikabedwa kapena kugwa m'madzi, mumalowa ndi imelo yomweyo pa foni ina n'kupeza zonse zili chikhalire. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku palibe ina pa zinayizi imene ikuifika. Mndandanda wa zogula umakhala ndi timabokosi tochonga, ndipo mungaugawane ndi akunyumba kudzera pa imelo yawo, kuti iwo akachonga sopo ali ku Limbe inu muone kuti wagulidwa muli ku ntchito. Cholemba chilichonse mungachiikire nthawi yoti chikukumbutseni, monga tsiku lobweza ngongole ya ku banki m'khonde kapena lomaliza kulipira mayeso.

Chimene ophunzira ambiri sadziwa n'chakuti Keep imawerenga mawu a m'chithunzi. Mukajambula tsamba la buku la ku laibulale, chithunzicho chikangokwera pa intaneti, mungafufuze liwu lililonse lili patsambapo n'kuchipeza, kapena kuiuza kuti ikutulutsireni mawuwo kuti muwakonze. Pa zosindikizidwa imachita bwino. Pa zolemba pamanja zothamanga imaphonya. Ichi chokha n'chifukwa chokwanira chosamutsira zithunzi za bolodi kuchoka ku WhatsApp.

Malire ake amaonekera maphunziro akatalika. Keep ilibe mafoda, ili ndi malebulo ndi mitundu basi. Cholemba chimodzi sichipitirira zilembo pafupifupi 20,000, simungalumikizemo PDF, ndipo palibe njira yabwino yomangira cholemba china ku chinzake. Zolemba zikafika mazana, sikirini imadzaza timapepala tosanjikizana, ndipo ngati simunazolowere kuika lebulo pomwe mukulemba, mwabwerera ku vuto la WhatsApp lomwe lija. Zimene mwataya ku bini zimafufutika pakatha masiku 7. Chenjezo lina ndi la PIN: Keep ilibe loko wa cholemba chimodzichimodzi, ndiye aliyense wobwereka foni yanu yotsegula angawerenge zonse. PIN ya Airtel Money, ya Mpamba kapena ya khadi la ku banki isalembedwemo.

Notion ndi imene imakopa maso. Inachokera ku San Francisco, ndipo inatchuka kwenikweni mu 2018 pamene inabweretsa matebulo amene mzere uliwonse ndi tsamba palokha. Mungamange tebulo la maphunziro anu onse, lokhala ndi tsiku lopereka asainimenti, malikisi ndi pamene mwafika, kenako tebulo lomwelo n'kuliona ngati kalendala kapena ngati bolodi la ntchito zotsala. Gulu la anthu asanu olemba lipoti limodzi, kapena komiti ya tchalitchi yosunga maminitsi ndi ndondomeko ya chaka, lingapindule nayo zedi. Yaulere imalola alendo 10, fayilo iliyonse yosapitirira 5 MB, ndi mbiri ya zosintha ya masiku 7.

Komabe sindiilimbikitsa kwa munthu amene chida chake ndi foni yokha. Notion inamangidwa poganizira munthu wokhala pa intaneti nthawi zonse. Kugwira ntchito popanda netiweki inakubweretsa mu 2025, ndipo pa yaulere muyenera kusankhiratu tsamba lililonse limene mukufuna litsike pafoni. Mukaiwala kutero muli pa WiFi ya ku ntchito, tsambalo simulitsegula muli kumudzi. Matebulo ake amafuna sikirini yotambalala ya laputopu; pafoni mumangokankha cham'mbali. Ndipo pali msampha umene ndauona pa anzanga ophunzira: Loweruka lonse limatha akukongoletsa tsamba, kusankha zithunzi ndi mitundu, buku lili chitsekere. Kukonza dongosolo kumamveka ngati kuphunzira, koma mayeso safunsa zimenezo. Mukafuna yolipira, mtengo wake ndi pafupifupi madola 10 pamwezi munthu mmodzi, ndipo ife a ku Malawi tikudziwa chimene madola amatanthauza kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Nkhani ya mtengo isatengedwe mopepuka, chifukwa pulogalamu yaulere lero ili ndi mwini wake amene angasinthe maganizo. Evernote inali mfumu ya manotsi kwa zaka zambiri. Kampani ya ku Italy yotchedwa Bending Spoons itaigula, mu Disembala 2023 inachepetsa yaulere kufika pa zolemba 50 ndi kope limodzi. Amene anali ndi zolemba masauzande ankatha kuziwerenga, koma kuwonjezera zatsopano kunafuna ndalama. N'chifukwa chake musanalowe pulogalamu iliyonse muyenera kuona khomo lotulukira. Keep mungaitulutse kudzera pa Google Takeout, tsamba la Google lotsitsira zinthu zanu zonse. Notion imatulutsa masamba ngati Markdown ndi matebulo ngati CSV, mitundu ya mafayilo amene mapulogalamu ena amatsegula, ngakhale kuti kulumikizana kwa matebulo kumasokonekera. WhatsApp imakupatsani fayilo imodzi yaitali pa macheza alionse, yosasanjidwa. Google nayo inalengeza kuti akaunti yosagwiritsidwa ntchito zaka ziwiri ikhoza kufufutidwa.

Apa m'pamene Obsidian imapambana zinzake zonse. Anaipanga Shida Li ndi Erica Xu, inatuluka mu 2020, ya pafoni n'kubwera mu 2021. Mfundo yake ndi yosavuta: cholemba chilichonse ndi fayilo wamba ya mawu, yokhala mu foda pa foni kapena kompyuta yanu. Simufunika akaunti, simufunika bandulo, ndipo kampaniyo itatseka mawa mafayilo anu angatsegulidwe ndi pulogalamu ina iliyonse yowerenga mawu. Mafayilowa ndi opepuka kwambiri. Tsamba limodzi la mawu okhaokha ndi pafupifupi 3 KB, ndiye masamba 1,000 amalemera ngati chithunzi chimodzi cha kamera ya foni.

Kwa wophunzira wa zaka zambiri, chuma chake chili pa kulumikiza. Mukalemba dzina la cholemba china mkati mwa mabulaketi awiri, chonchi [[malungo]], zolemba ziwirizo zamangana, ndipo chilichonse chimakusonyezani zina zonse zimene zikuchitchula. Namwino amene walemba za malungo angamangirire cholembacho ku cha kuchepa kwa magazi, cha amayi oyembekezera ndi cha mankhwala a LA. Chaka chamawa akapita ku maphunziro ena n'kumva chatsopano chokhudza malungo, satsegula kope lina, amawonjezera pa cholemba chomwe chija. Pakatha zaka zitatu amakhala ndi buku lake la iye mwini, losanjidwa motsata mitu osati motsata matemu. Keep singachite zimenezi, ndipo Notion imachita koma zolembazo zikukhala pa makompyuta a eni ake.

Mtengo wa ufulu umenewu ndi udindo. Popeza zolemba zili pafoni panu pokha, foni ikapita zapita. Obsidian Sync, imene imagwirizanitsa foni ndi laputopu, ndi yolipira, kuyambira madola 4 pamwezi mukalipira chaka chonse. Osafuna kulipira ayenera kuzolowera kukopera foda yonse ku memori khadi, fulashi kapena Google Drive sabata iliyonse, ndipo amene akudzidziwa kuti sangakumbukire zimenezi asayambe n'komwe, akhale pa Keep. Imatengaponso masiku kuti muizolowere, payokha simakukumbutsani tsiku la msonkhano, ndipo mukaidzaza ndi maplugin (timapulogalamu towonjezera) imayamba kuchedwa kutseguka pafoni yaing'ono. Ndi chida chowerengera ndi kuganizira, sichoyendetsera pakhomo.

Ineyo ndimati zinthu za masiku ochepa, zogula, ngongole, zikumbutso ndi zithunzi za bolodi, zipite ku Keep. Zimene mukufuna kudzazidziwabe pakatha zaka zisanu zipite ku Obsidian, zolembedwa m'mawu anuanu osati zongokopera. Notion isiyireni gulu lokhala ndi malaputopu ndi WiFi. Ku WhatsApp kuzingodutsa zinthu, ndipo Lamlungu madzulo muzisesako: chofunika chisamuke, chotsala chifufutidwe. Wogulitsa pa okala amene kope lake la ngongole likumuyendera bwino asalitaye, angojambula tsamba lililonse likadzaza n'kuliika mu Keep, kuti kope likanyowa kapena kusowa umboni ukhalepo.

Pali ntchito imodzi imene zinayi zonsezi sizigwira, ndiyo kulowetsa zinthu m'mutu. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kale mu 1885 kuti chimene taphunzira chimaiwalika mofulumira m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kuchibwereza motalikitsa nthawi kumachedwetsa kuiwalako. Anki, imene Damien Elmes anaitulutsa mu 2006, inamangidwa pa mfundo imeneyi. Mumalemba funso kutsogolo kwa khadi, yankho kumbuyo. Khadi limene mwayankha mosavuta limabweranso patapita nthawi yaitali, limene lakuvutani limabwera msanga. Pa mayina a mankhwala ndi milingo yake, zizindikiro za pamsewu kwa ofuna laisensi, kapena mawu a Chipwitikizi kwa ochita geni ku Tete, mphindi 10 za m'minibasi zimakwana. AnkiDroid ya pa Android ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti, kusunga makhadi pa AnkiWeb (tsamba lake la pa intaneti) n'kwaulerenso, koma ya pa iPhone imagulidwa pafupifupi madola 25 kamodzi. Ikangoikidwa imakupatsani makhadi atsopano 20 patsiku. Kwa munthu wapantchito ndi wapabanja amenewo ndi ambiri, chifukwa khadi latsopano lililonse limabwereranso kangapo m'masabata otsatira ndipo mulu wa obwereza umakula msanga. Tsitsani nambalayo ifike pa 5 kapena 10, ndipo makhadiwo muzilemba nokha kuchokera m'manotsi anu m'malo motsitsa a anthu ena, amene nthawi zambiri amatsata silabasi ya dziko lina.