Chodulira zigoba cha pamanja: ndachigwiritsa ntchito nyengo ziwiri zosaka

Ndimakhala kuno ku Limpopo, kufupi ndi Vaalwater, ndipo mfuti yanga ndi .308 Winchester yomwe ndili nayo laisensi. Nyengo yozizira ikafika, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, timasaka nswala ndi njiri za biltong (nyama youmitsa), ndiye zipolopolo zimapita ngati mchere. Ndicho chifukwa ndinayamba kudzazanso ndekha zigoba, timakontena tamkuwa totsala chipolopolo chikatuluka, zomwe ndawombera kale. Lamulo la mfuti la kuno, Firearms Control Act ya 2000, limalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake yokhayo, osati za mnzake kapena zogulitsa.

Chaka choyamba ndinkangodzaza osayeza n'komwe kutalika kwa chigoba. Tsiku lina ku range, malo oyeserera kuwombera, bolt yotsekera chipolopolo m'mfuti inayamba kuuma potseka. Mkulu wina amene amawombera patebulo loyandikana nane anatenga chigoba chimodzi, kuchiika pa vernier, kachipangizo koyezera kutalika, n'kundionetsa manambala osanena kanthu. Chinali chitadutsa 51.18 mm, malire a kutalika kwa chigoba cha .308. Manyazi anandigwira, koma sabata yomweyo ndinakagula chodulirachi pasitolo ina ya mfuti ku Polokwane.

Kwa amene simunachionepo, n'kachitsulo kokhala ngati lathe yaing'ono. Mbali imodzi kamagwira chigoba kumatako, mbali ina kuli chogwirira chopukusa ndi mpeni wozungulira, ndipo kutsogolo kwa mpeniwo kumalowa pilot, kachitsulo kolowa m'khosi mwa chigoba kuti chisapendekeke. Changa chinabwera ndi ma pilot angapo, wa .30 woyenera .308 yanga ali momwemo. Ndinachikhomera pathabwa lokhuthala, thabwalo n'kumalimanga patebulo ndi clamp, chifukwa chikamagwedera palibe chimene mungadule molongosoka.

Chigoba chimatalika chifukwa cha mkuwa wake. Mukawombera chimafufuma n'kudzaza chamber, malo amene chimakhala m'mfuti. Mukachibweza mu die, chitsulo chofinyira chigoba, kuti chibwerere msinkhu wake, mkuwa wofinyidwawo ulibe kothawira koma kutsogolo, kukhosi. Khosi likatalika mopitirira limakagunda kumapeto kwa chamber n'kupana chipolopolo, mphamvu ya onga imakwera kuposa mmene munayembekezera. Apa mpamene pali ngozi. N'chifukwa chake kudula kumabwera mukatha kubweza chigoba mu die, osati musanatero. Ine ndinalakwitsa zimenezi ulendo woyamba, ndinadula zigoba 40 kenako n'kuzilowetsa mu die, zonse zinatuluka zosiyana kutalika. Vuto linali langa, osati la chipangizo.

Chimene chandisangalatsa kwambiri n'kusasinthasintha kwake. Ndimadula pa 50.93 mm, monga mabuku a zodzazanso zipolopolo amanenera pa .308, ndipo ndikatenga zigoba khumi mwachisawawa m'bokosi, kusiyana kwake sikupitirira 0.03 mm pa vernier yanga. Koma zimenezi zimafuna kuleza mtima pochitchera. Pali mphete ziwiri zoimitsira mpeni, yaikulu ndi yosinthira pang'onopang'ono. Tsiku loyamba ndinafupikitsa zigoba zitatu mopitirira ndisanapeze muyezo. Tsopano ndinasunga chigoba chimodzi chodulidwa bwino, ndinachilemba ndi maka, ndipo ndikafuna kutchera ndimangochilowetsa, kukankhira mpeni mpaka ukhudze, n'kumanga. Mphindi imodzi basi.

Zodandaula zilipo. Tizomangira ta mphetezo n'tating'ono kwambiri, ndipo kamodzi kanamasuka ndili pakati pa ntchito osazindikira. Ndinadzaona zigoba zikufupika pang'onopang'ono, zisanu ndi chimodzi zinapita kotaya. Kuyambira pamenepo ndimayeza chigoba chimodzi pa zigoba 10 zilizonse. Chinanso n'chogwirira. Zigoba 50 zimatheka bwinobwino, koma mukafika 150 chikhatho chimayamba kutentha ndipo tsiku lina ndinatuluka thuza. Mnzanga wina amagwiritsa ntchito chodulira cha kampani ya Lee chokhala ndi kandodo ka muyezo wokhazikika, amachimanga pa drill, amamaliza ine ndisanafike theka. Chakecho sichisinthidwa kutalika, ndiye aliyense ndi chimene akufuna. Ine ndimakonda kudzisankhira muyezo, komanso mwana wa mlamu wanga akabwera ndi zigoba za mfuti yake ya .243 timangosintha pilot n'kutchera pa 51.69 mm, iye n'kumapukusa yekha.

Musaganize kuti mukadula mwatha. Mpeni umasiya timinga tamkuwa kukamwa kwa chigoba, mkati ndi kunja, ndipo chopalira sichinali m'bokosi, ndinagula padera. Mukapanda kupala, chipolopolo chimakalika pochilowetsa. Tizidutswa tamkuwa timamwazikanso paliponse, mayi a kunyumba anandithamangitsa pakhonde nditawaza tina pamkeka, panopa ndimaika chivindikiro cha chigubu cha ayisikilimu pansi pake.

Chinthu china chimene chodulirachi chinandiphunzitsa mosayembekezera: mkuwa umene mukudulawo ukuchoka kwinakwake. Umachoka cha kumatako, kumene khoma la chigoba limapyapyala ulendo uliwonse. Ndimalemba m'kabuku kuti gulu lililonse ladulidwa kangati, ndipo likafika kachinayi ndimalipumitsa. Ndimapindanso kawaya ka paperclip n'kumakanda mkati, ndikamva kamzera kapena kuona mphete yowala kunja cha m'munsi, chigobacho ndimachiphwanya ndi pulayala kuti chisabwererenso m'bokosi. Zigoba zanga zambiri ndi za PMP, kampani ya zipolopolo ya kuno ku South Africa, ndipo sindizisakaniza ndi za makampani ena chifukwa sizitalika mofanana.

Mpeni udakali wakuthwa patatha nyengo ziwiri, ndangoudontheza mafuta pa shaft nthawi ndi nthawi. Ndikuchipatsa nyenyezi 4 pa 5. Ngati mumadzaza zigoba zosapitirira 100 pa nthawi imodzi, gulani, ndipo mugulirepo chopalira ndi vernier tsiku lomwelo. Ngati mumawombera mazanamazana pamipikisano, funani cha magetsi.