Law&Crime pa YouTube: zimene imaonetsa ndi zimene singathe kuonetsa pa mlandu wa imfa ya Ahmaud Arbery

Law&Crime ndi kanema wa pa intaneti wa ku America amene anayambitsidwa ndi Dan Abrams, loya yemwenso ndi mtolankhani, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuonetsa milandu pamene ikuzengedwa m'khoti, kenaka n'kusiya makanemawo pa YouTube kuti aliyense awaonere mwaulere. Ndaiyeza ntchito imeneyi pa mlandu umodzi wokha, wa amuna atatu achizungu amene anaimbidwa mlandu wopha Ahmaud Arbery m'chigawo cha Georgia. Chigamulo changa n'chakuti munthu wofuna kumvetsa mmene malamulo anagwirira ntchito pa nkhaniyi sangapeze gwero laulere loposa ili, koma wofuna kudziwa mmene khoti linaonera nkhani ya tsankho atulukamo ndi theka lokha.

Pa 23 February 2020, Arbery, mnyamata wakuda wa zaka 25, ankathamanga m'dera la Satilla Shores kufupi ndi mzinda wa Brunswick. Gregory McMichael, amene kale anali wapolisi komanso wofufuza milandu mu ofesi ya woimira boma m'deralo, anatenga mfuti n'kuyamba kumuthamangitsa pa galimoto limodzi ndi mwana wake Travis, ndipo mnansi wawo William Bryan anawatsatira pa galimoto ina uku akujambula ndi foni. Patatha pafupifupi mphindi 5, Travis anamuwombera. Panadutsa miyezi yoposa iwiri popanda womangidwa, chifukwa mmodzi mwa oimira boma amene anaigwira nkhaniyi poyamba, George Barnhill, analemba kalata yonena kuti amunawo sanaphwanye lamulo. Kanema wa Bryan atatuluka pa 5 May 2020, a McMichael awiriwo anamangidwa pa 7 May, ndipo Bryan anamangidwa m'mwezi womwewo.

Ubwino wa Law&Crime uli pakuti imaonetsa mbali zouma za mlandu zimene nkhani za pa wailesi zimadumpha, pamene mlanduwu unagona pa mbali zoterozo. Oimbidwa mlanduwo anatsamira pa lamulo la ku Georgia la m'chaka cha 1863, lolola munthu wamba kugwira wolakwa. Lamulolo linali ndi ziganizo ziwiri zokha. Choyamba chinkalola kugwira munthu amene wapalamula pamaso pako kapena amene ukudziwa ndithu nthawi yomweyo kuti wapalamula, pamene chachiwiri chinkalola kugwira munthu pomuganizira pa zifukwa zomveka ngati mlanduwo ndi waukulu ndipo iye akuthawa. Maloya a oimbidwa mlandu ankafuna kuti chiganizo chachiwiri chiime pachokha, kuti kuganizira zimene Arbery mwina anachita masiku a m'mbuyo, pamene makamera anamujambula akulowa m'nyumba ina yosamaliza kumangidwa, kukhale kokwanira. Woweruza Timothy Walmsley sanavomereze, ndipo anafotokozera gulu la anthu wamba oweruza mlandu kuti kugwira koteroko kuyenera kuchitika mlandu utangopalamulidwa kumene, kapena wolakwayo ali mkati mothawa. Amene waonera mkangano umenewo amamvetsa chifukwa chake mfundo ya oimbidwa mlandu yoti Travis anawombera podziteteza inagwa, pakuti ngati kuthamangitsako kunali kosaloledwa, ndiye kuti amene anayambitsa chiwawa anali amunawo, ndipo woyambitsa chiwawa sangabisale kumbuyo kwa lamulo la kudziteteza. Lamulo la 1863 lija linali litachotsedwa kale mu May 2021, koma linagwirabe ntchito pa mlanduwu chifukwa imfayo inachitika lisanachotsedwe.

Malo amene ndikanauza aliyense kuti ayambire ndi pamene Linda Dunikoski, wotsogolera oimira boma, anapanikiza Travis McMichael ndi mafunso. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anamufunsa ngati Arbery anamuopseza, ngati anatulutsa mfuti, ngati anatulutsa mpeni, ndipo funso lililonse Travis ankayankha kuti ayi, mpaka anavomera kuti mnyamatayo ankangothamanga. Kamera imakhala pa nkhope ya mboniyo nthawi yonseyi, popanda nyimbo, popanda wothirira ndemanga, ndipo woonera amadzionera yekha umboni umene loya wake anamanga dzulo lake ukuphwasuka. N'chimodzimodzinso ndi umboni wa apolisi, amene anauza khoti kuti Gregory McMichael anawafotokozera kuti Arbery anali atapanikizidwa ngati khoswe. Mawu amenewo anathandiza boma kutsimikiza mlandu wotsekereza munthu popanda chilolezo, ndipo ku Georgia aliyense wotenga mbali pa mlandu waukulu umene wadzetsa imfa amapezeka wolakwa pa mlandu wakupha, ngakhale sanagwire mfuti. N'chifukwa chake pa 24 November 2021 Travis yekha ndiye anapezeka wolakwa pa kupha mwadala, koma onse atatu anapezeka olakwa pa mlandu wakupha. Mu January 2022 a McMichael analamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse popanda mwayi wotuluka, pamene Bryan anapatsidwanso moyo wonse koma angapemphe kutulutsidwa patatha zaka 30.

Nkhani ya khungu imaonekera m'makanemawa, koma m'mphepete. Gulu loweruza linali ndi azungu 11 ndi munthu wakuda mmodzi, m'boma la Glynn, kumene nkhaniyi inachitikira, momwe anthu akuda amaposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Woweruza Walmsley ananena poyera kuti zinkaoneka kuti panali tsankho ladala pochotsa anthu akuda pa nthawi yosankha gululo, koma anati manja ake anali omangika popeza maloya a oimbidwa mlandu anapereka zifukwa zosakhudza mtundu pa munthu aliyense amene anamukana. Apa m'pamene kanemayu amafunikira womasulira wodekha, woti afotokoze kuti Khoti Lalikulu la America linaletsa kuchotsa anthu chifukwa cha mtundu pa mlandu wa Batson mu 1986, n'kuwonjezera mu 1992, pa mlandu wa McCollum wochokera ku Georgia komweko, kuti chiletsocho chimamanganso maloya a oimbidwa mlandu, komanso kuti chiletsocho n'chosavuta kuchizemba ngati loya wakonzeratu chifukwa china. Akatswiri amene Law&Crime imaitana pa nthawi yopuma amakhudza zimenezi mothamanga, ndipo kawirikawiri amakonda kukambirana za amene akupambana tsikulo, ngati kuti ndi mpira. Zimene zinakopa anthu ambiri ndi dandaulo la Kevin Gough, loya wa Bryan, loti abusa akuda monga Al Sharpton asamabwere kudzakhala m'khoti, koma dandaulolo silinasinthe kanthu pa mlanduwo.

Kupelewera kwakukulu si vuto la eni kanemayu, komabe woonera ayenera kukudziwa. Pa mlandu wa ku Georgia, oimira boma anasankha kusatsamira pa tsankho, ndipo ngakhale zimene Bryan anauza wofufuza milandu, zoti Travis anatukwana Arbery ndi mawu onyoza anthu akuda atangomuwombera, sizinafike m'makutu a gulu loweruza. Funso loti kaya amunawo anamuthamangitsa chifukwa anali wakuda linazengedwa pa mlandu wachiwiri, m'khoti la boma lalikulu la America, pamaso pa Woweruza Lisa Godbey Wood, amene anayamba wakana mgwirizano woti a McMichael avomere kulakwa posinthana ndi chilango chogwirizana. Kumeneko ndi kumene kunawerengedwa mauthenga a pa foni ndi a pa masamba a mchezo osonyeza chidani chawo pa anthu akuda, ndipo pa 22 February 2022 onse atatu anapezeka olakwa. Mu August chaka chomwecho a McMichael anapatsidwanso moyo wonse, Bryan zaka 35. Koma makhoti a boma lalikulu salola kamera pa milandu yaupandu, choncho pa mlandu umenewu palibe kanema wa mboni ngakhale mmodzi, koma malipoti a atolankhani basi. Munthu wodalira makanema okha angaganize kuti makhoti anaizemba nkhani ya tsankho, pamene zoona zake n'zakuti anaizenga kumene maso a kamera safika.

Pa kagwiritsidwe ntchito, mawu amamveka bwino kupatula pamene maloya apita kukanong'onezana ndi woweruza, ndipo nkhope za gulu loweruza sizionetsedwa konse, zomwe n'zoyenera. Mitu ya makanema ena imalembedwa mokokomeza pofuna kukopa anthu, ndipo popeza kanemayu amaonetsa milandu yambirimbiri, ndi bwino kufufuza ndi dzina la McMichael kapena la mboni imene mukuifuna. Mawu olembedwa amene YouTube imatulutsa yokha amathandiza kutsatira Chingerezi cha kum'mwera kwa America, ngakhale kuti amasokoneza mayina ndi mawu a zamalamulo. Tsiku limodzi la mlandu limatenga maola ambiri, kotero woonera pa bando achepetse kuoneka bwino kwa chithunzi, pakuti chofunika pano ndi mawu. Kwa ophunzira zamalamulo ndi atolankhani a m'makhoti, magawo oyenera ndalama ya bando ndi atatu: chigamulo cha Walmsley pa kasankhidwe ka gulu loweruza, mafunso a Dunikoski kwa Travis McMichael, ndi malangizo amene woweruzayo anawerengera gulu loweruza lisanapite kukakambirana. Za mlandu wachiwiri muziwerenge m'manyuzipepala a February 2022.