Chipangizo cha VR Patapita Miyezi: Mantha Amakumbukika, Zinazo Zimafufutika

Chipangizo cha VR (virtual reality, luso loonetsa munthu malo opangidwa ndi kompyuta ngati kuti alimo) chimene ndikunena pano ndi chija chovala kumaso, chokhala ndi batire lakelake, chosafuna kulumikizidwa ndi kompyuta. Ndakhala nacho kwa miyezi yokwanira kuti chidwi cha chinthu chatsopano chizilale, ndipo tsopano ndikhoza kuyankha funso limene linandichititsa kugula chipangizochi: kodi zimene munthu waona m'menemo amazikumbukira mofanana ndi zimene wakumana nazo kunja kuno?

Za chipangizo chenichenicho sinditalikitsa. Batire limatha pakadutsa maola awiri kapena kupitirira pang'ono, kulemera kwake ndi pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo m'nyengo yotentha thukuta limanyowetsa siponji ya kumaso mpaka magalasi kuchita nthunzi. Chizungulire cha masiku oyamba chinatha chokha.

Nkhani yaikulu ili pa mantha. Pali sewero lotchedwa Richie's Plank Experience, momwe chikepe chimakukweza pamwamba pa nyumba ya nsanjika 80, chitseko n'kutseguka, kutsogolo kwako n'kuoneka thabwa lopapatiza lolozera kumlengalenga. Ine ndimaika thabwa lenileni pansi pabalaza kuti mapazi amve zimene maso akuona. Mlamu wanga, munthu wamkulu amene amakwera padenga osaphethira, anaponda kamodzi, miyendo n'kuyamba kunjenjemera, kenako anagwada n'kufuula kuti, "Alamu, ndigwireni dzanja, ndikupita ine!" Mpaka lero amasimba nkhaniyi ngati yachitika dzulo, koma mukamufunsa kuti nyumba zoyandikana zinali zamtundu wanji, kapena kuti pansi pankadutsa chiyani, alibe yankho. Chimene akukumbukira ndi thabwa, phompho ndi kugunda kwa mtima.

Zimenezi akatswiri anazidziwa VR isanafike m'nyumba za anthu. Munthu akachita mantha thupi limatulutsa adrenaline, timadzi tofulumizitsa kugunda kwa mtima, ndipo kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamachititsa kuti chochitikacho chisungike mwamphamvu. Mu 1994 Larry Cahill ndi James McGaugh a ku University of California, Irvine, anaonetsa kuti anthu amene anamwetsedwa propranolol, mankhwala otchinga mphamvu ya adrenaline, sanakumbukire bwino nkhani yomvetsa chisoni poyerekeza ndi anzawo amene sanamwe. Elizabeth Loftus ndi anzake nawo anapeza mu 1987 kuti munthu akaona mfuti maso amakakamira pa mfutiyo, nkhope ya woinyamula osaigwira bwino. Thabwa lija linagwira ntchito ya mfuti.

Chimene sindikanachidziwa m'sabata yoyamba n'chakuti manthawo amatha. Lero ndimayenda pathabwalo ngati ndikupita kukhitchini, ndipo maulendo onse apambuyowa asakanikirana m'mutu mwanga moti sindingasiyanitse lina ndi linzake. Kwa wofuna zosangalatsa uku n'kutaya, koma kwa madokotala ndiye phindu lenileni, chifukwa kuzolowera kotereku ndi kumene Barbara Rothbaum wa ku Emory University anagwiritsa ntchito mu 1995 pothandiza anthu oopa malo okwera.

Kumene chipangizochi chandikhutiritsa ndi pa kukumbukira malo. Mu Anne Frank House VR munthu amalowa m'zipinda za ku Amsterdam zimene mtsikana wachiyuda Anne Frank ndi banja lake anabisalamo pothawa a Nazi kuyambira 1942 mpaka 1944, ndipo patapita miyezi ndimathabe kuloza ndi dzanja pamene pali shelefu ya mabuku yobisa khomo ndi pamene pali masitepe otsetsereka kwambiri aja. Zithunzi za m'buku sizinandipatsepo zimenezi. Kafukufuku wa ku University of Maryland wa mu 2018 anapeza kuti okumbukira nkhope atavala chipangizo anaposa oonera pa kompyuta ndi 8.8 peresenti. Kusiyanaku n'kwenikweni, ngakhale kuti sikofika pamene otsatsa malonda amafuna tikhulupirire.

Komabe ndikayerekeza ndi tsiku limene ndinakwera phiri la Mulanje, la VR limapepuka. Kuphiriko kunali fungo la mkungudza, kuzizira kolowa m'mafupa, akatumba opweteka ndi njala, ndipo chilichonse mwa izi chimatha kundibweretsera tsiku lonselo popanda kulifuna. Mu VR mumalowa maso ndi makutu okha, mphuno ikununkhiza pulasitiki ndi ndiwo zimene zikuphikidwa kuseri, choncho palibe zogwirira zambiri zoti chikumbukiro chikoleke.

Wofuna kugula pofuna kuphunzira kakhalidwe ka malo, kapena kudzizoloweza chinthu chimene amachiopa, sadzanong'oneza bondo. Kwa ana aang'ono ndiye ndimakaniza. Mu 2009 Kathryn Segovia ndi Jeremy Bailenson a ku Stanford University anaonetsa ana chithunzi chawo chikusambira ndi anamgumi mu VR, ndipo ena mwa anawo pambuyo pake ananena kuti zinawachitikiradi. Adzukulu akabwera kudzacheza, chipangizochi ndimachitsekera m'kabati, ndipo wamkulu yekhayo ndi amene ndimamulola kuvala kwa mphindi zochepa, ine nditakhala pambali pake.