Fairphone, iPhone, Samsung kapena Tecno: ikawonongeka idzakonzeka iti?

Pogula foni ambirife timafunsa za kamera ndi memore basi. Za tsiku limene sikirini idzasweke kapena batire lidzatupe sitifunsa, chonsecho mafoniwa amasiyana kwambiri patsiku limenelo.

Pankhani yokonzeka, Fairphone ya ku Netherlands ilibe mnzake. Fairphone 5, yomwe inatuluka mu 2023, a iFixit, kampani yomwe imayesa kukonzeka kwa mafoni ndi kugulitsa masipeya, anaipatsa 10 pa 10. Chivundikiro chakumbuyo mumachitsegula ndi chikhadabo, batire n'kulizula ndi manja, popanda guluu. Sikirini, kamera ndi potchajira mumangomasula timabawuti n'kuika zina. A Fairphone anaipatsa chitsimikizo cha zaka 5 ndipo analonjeza kuisamalira mapulogalamu mpaka 2031. Koma msika wake waukulu ndi ku Ulaya. Kwa amene muli ku London kapena Dublin, iyi ndiye foni. Mukaibweretsa ku Limbe, masipeya ake mudzayitanitsa kunja, n'kumadikira ngati mvula ya mu Okutobala.

iPhone ndiye ili ndi nkhani yaitali. Apple inayamba kugulitsa masipeya kwa anthu wamba mu 2022, kuyambira ku America, koma vuto lenileni linali lina: foni imazindikira nambala ya chipangizo chilichonse chamkati mwake. Mmisiri akaika batire kapena sikirini yachilendo, foni imalemba uthenga woti sikuchidziwa chipangizocho. Pa iPhone 13 mu 2021, kusintha sikirini kwa mmisiri wamba kunkapha Face ID, njira yotsegulira foni ndi nkhope, mpaka anthu atadandaula kampani inabweza moto. Dera la Oregon ku America linaletsa mchitidwe womangirira masipeya choterewu mu 2024, ndipo chaka chomwecho Apple inalola kuika masipeya enieni ochotsedwa pa iPhone ina. Koma chenjerani ndi za kaunjika: sipeya yochokera pa foni yomwe mwini wake sanachotse akaunti yake imakhalabe yokhomedwa. Ndi foni yolimba, sindikutsutsa, koma kuikonza kumadya thumba.

Samsung ili pakatikati. Inagwirizana ndi iFixit mu 2022, mgwirizanowo n'kutha mu 2024, ndipo china chomwe iFixit inadandaula n'chakuti batire linkagulitsidwa litamatidwa ku sikirini, wofuna batire lokha n'kumalipira zonse ziwiri. Ubwino wake ndi kuchuluka: amisiri aizolowera, makamaka Galaxy A.

Tecno, Itel ndi Infinix, zonse za kampani ya Transsion ya ku Shenzhen ku China, sizimveka m'mikangano ya malamulo a ku Ulaya, komabe kwathu kuno ndi zomwe zimakonzeka msanga. Sikirini imapezeka pamsika, mmisiri amaika muli chiimire. Ingofunsani kaye ngati ndi yeniyeni, chifukwa zotchipa zina zimachita mdima padzuwa. Kufooka kwake ndi mapulogalamu, omwe amasiya kubwera msanga poyerekeza ndi zaka 7 zomwe Samsung inalonjeza pa Galaxy S24.

Munthu wokhala kumudzi kuno, ine ndingamuuze atenge Galaxy A kapena Tecno. Wa ku Ulaya, Fairphone. Ngati m'bale akukugulirani m'maiko a EU, muuzeni ayang'ane chikalata cha pabokosi. Kuyambira pa 20 Juni 2025, mafoni atsopano kumeneko amalembedwa giredi yokonzeka kuyambira A mpaka E, ndipo kampani imakakamizidwa kusunga masipeya zaka 7 foniyo itasiya kugulitsidwa.