Kukweza galimoto ya 4x4: spacer, masipuling'i atsopano kapena matayala?

Misewu yafumbi ya kumbali ya Kachulu mvula ikagwa ndi msewu wokwera ku Ku Chawe zimafuna galimoto ziwiri zosiyana. Kuchigwa cha nyanja ya Chilwa makande akanyowa, malole amakumba ngalande ziwiri n'kusiya msana pakati, ndipo galimoto yaifupi imakhala pamsanapo matayala akungozungulira. Kuphiri nako, galimoto yotalika mopitirira imapendama pakona iliyonse mpaka okwera kugwiritsa mipando. Ambirife galimoto ndi imodzi yomweyo, iyenera kufika konseko, n'chifukwa chake njira yokwezera siyosankha poona ya mnzako.

Musanafunse mtengo wa chilichonse, gwadani musuzumire pansi kutsogolo. Mukaona chitsulo chimodzi chonenepa chochoka kutayala ili kukafika kutayala ilo, difu (chibumpu cha magiya ogawira mphamvu ku matayala awiriwo) ili pomwepo, ndiye kuti muli ndi ekiselo yathunthu. Ndi mmene zilili Land Cruiser 79, Defender yakale, ndi Hilux zakale zija za chaka cha 1997 chisanafike. Mukaona tayala lililonse lili ndi mikono yakeyake iwiri ndi kashafti ka CV kolizunguza kuchokera ku difu, imeneyo ndi IFS (tayala lililonse lakutsogolo limakwera ndi kutsika palokha), ya Hilux za pambuyo pake, Ranger ndi D-Max. Pa ekiselo yathunthu difu imayendera limodzi ndi matayala, moti mungakweze masipuling'i mmene mungathere, iyo idzakhalabe pomwe inali. Pa IFS difu yakutsogolo ndi yomangidwa ku chasisi, choncho imakwera, koma yakumbuyo sikwera, poti kumbuyo kwa mapikapu onsewa ndi ekiselo yathunthu.

Chokweza difu yakumbuyo ndi tayala basi. Tayala la 265/65R17 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 776, la 265/70R17 pafupifupi 803. Kusiyana ndi 27, koma inu mumapindula theka lake, cha m'ma 13, popeza ekiselo ili pakati pa tayala. Zikuoneka zochepa, komatu pamsana wa makande mamilimita amenewo ndi omwe amasiyanitsa kudutsa ndi kuitana anyamata okankha. Mtengo wake ulipo: injini imafooka pang'ono pachitunda, mabuleki amagwira ntchito yochuluka, ndipo sipidomita imayamba kunama. Ikamaonetsa 80 muli cha pa 83, ndipo apolisi a kamera pa M3 nkhani ya matayala anu sadzaimva.

Tiyambe ndi a IFS, omwe ndi ochuluka m'tauni muno. Njira yotsika mtengo koposa ili pa Hilux za pakati pa 1997 ndi 2005 komanso Isuzu KB zakale, zomwe kutsogolo zili ndi torsion bar, ndodo yachitsulo yopotoka yogwira ntchito ya sipuling'i. Makaniko amangomanga mabauti awiri, mphuno ya galimoto n'kudzuka. Kutalika kumeneko sikuchokera kwina ayi, n'kobwereka pa mpata womwe tayala limatsikira likalowa m'dzenje. Mukamanga kwambiri, tayala limasowa potsikira, limalendewera m'mwamba pamene mukufuna kuti ligwire pansi, ndipo pa mabampu mumamva kugunda kwa chitsulo. Kumanga pang'ono pofuna kubwezeretsa galimoto yomwe inagwa mphuno n'kwabwino. Kupitirira apo, ine ndimakana.

Kuyambira 2005 Hilux inabwera ndi sipuling'i yozungulira yovala pa shock, ndipo apa m'pamene spacer inatchukira. Ndi kachitsulo kapena kapulasitiki kolimba koika pamwamba pa shock. Chifukwa shock imamangidwa chapakati pa mkono wam'munsi, spacer ya mamilimita 25 imakweza galimoto pafupifupi kawiri kake. Ndalama zochepa, tsiku limodzi ku galaja, galimoto yaima bwino. Koma sipuling'i ndi yakale yomwe ija, siinyamula katundu kuposa kale, ndipo shock yonse yangokankhidwira pansi. Tayala likatsika m'dzenje, mkono wam'mwamba umatsika kupitirira pomwe unapangidwira, ball joint, mfundo yolumikiza mkonowo ndi tayala, imakokeka mpaka mapeto, nthawi zina mkonowo umagunda sipuling'i. Kwa munthu woyenda pa tala, Zomba ku Blantyre, wongofuna kuti kutsogolo kufanane ndi kumbuyo, spacer yaing'ono siimuvuta. Kwa wopita ku Chingale kapena ku Mayaka sabata iliyonse, akungosamutsa ndalama kuchoka lero kupita ku ma ball joint a mawa.

Yopikisana nayo ndi kiti yathunthu, masipuling'i ndi ma shock opangidwira limodzi, monga a Old Man Emu, Ironman 4x4, Tough Dog kapena Dobinsons. Onsewa ndi maina a ku Australia, ndipo kuno nthawi zambiri amadzera ku Johannesburg, ndiye ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, mtengo wake umawawa. Chomwe mukugula si kutalika kokha. Mukugula shock yomwe utali wake ukugwirizana ndi sipuling'i, komanso mwayi wosankha kulimba malinga ndi katundu wanu. Apa ambiri amalakwitsa posankha yolimba koposa poganiza kuti ndiyo yabwino. Masipuling'i opangidwira galimoto yosenza makilogalamu mazanamazana tsiku lililonse, mukawaika pa pikapu yoyenda yopanda kanthu, kumbuyo kumadumpha ndipo pamsewu wamiyala matayala sagwira. Nenani zoona za katundu amene mumanyamula masiku ambiri, osati wa tsiku lokolola lokha.

Pali chinthu chimodzi chomwe kiti yodula siisiyana ndi spacer. Galimoto ya IFS ikakwera mamilimita 50, kashafti ka CV kamapendekeka mofanana, kaya munalipira zambiri kapena zochepa. Kupendekekako kumadya buti ya rabala yophimba mfundo ya CV, buti ikang'ambika girizi amatuluka, madzi ndi matope zimalowa, kenako mumamva kuti te-te-te mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto. N'chifukwa chake 40 mpaka 50 ndiwo malire anzeru pa IFS. Kupyola apo mufunika mikono yam'mwamba yatsopano kuti alignment itheke, ndiponso kutsitsa difu yakutsogolo, komwe ndi kubweza gawo la kutalika komwe mwangolipira kumene.

A ekiselo yathunthu vuto la CV ngati limeneli alibe, lawo ndi caster. Onani foloko ya njinga ya kabaza: siima chilili, imapendekera kumbuyo, ndipo n'chifukwa chake njinga imadziwongola yokha ikamathamanga. Tayala lakutsogolo la galimoto nalo limakhotera pa mzere wopendekera kumbuyo choncho, ndipo kupendekerako ndiko caster. Land Cruiser 79, yomwe kuyambira 1999 ili ndi masipuling'i ozungulira kutsogolo, ndi Defender, zimagwira ekiselo ndi mikono iwiri yaitali yochokera ku chasisi. Mukakweza, mikonoyo imatsetsereka kwambiri n'kuigudubuza ekiselo chakutsogolo, ndipo pa mamilimita 50 mumataya pafupifupi madigiri 2. Zotsatira zake mumazimva m'manja. Pakati pa Thondwe ndi Namadzi galimoto imangosochera, inu n'kumaibweza kosalekeza, ndipo mukatuluka pakona chiwongolero sichibwerera chokha.

Zokonzera zilipo zitatu. Mabushi (timarabala ta pomangira mikono ija) obowoledwa pambali ndi otsika mtengo ndipo amabweza madigiri aja, koma rabala yake ndi yopyapyala mbali imodzi, imatha msanga ndipo imauma, ekiselo siipindika momasuka pa miyala. Mapuleti omangira pa mikono amasunga mabushi enieni. Mikono yatsopano yopangidwira kutalikako ndiyo yabwino koposa, ndiponso yodula koposa. Pa 50 mabushi amakwanira anthu ambiri. Dziwani kuti mukamabweza caster, mphuno ya difu yakutsogolo imaweramira pansi, ndipo prop shaft, shafti yobweretsa mphamvu ku difuyo, imapendekeka kwambiri mpaka kunjenjemera. Pa 79 izi mumazimva mukalowetsa 4x4 pokha. Defender imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, choncho kunjenjemerako kukayamba mumakhala nako ulendo wonse. Palinso Panhard rod, ndodo yopingasa yoletsa ekiselo kupita m'mbali. Galimoto ikakwera, ndodoyo imakokera ekiselo mbali imodzi ndi mamilimita angapo. Pa 50 ambiri amangozisiya, kupitirira apo pamafunika yotheka kutalikitsa.

Kumbuyo, pa masipuling'i amapale aja, owotcherera athu amathamangira ma shackle aatali, tizitsulo tolumikiza sipuling'i ndi chasisi. Shackle imagwira mbali imodzi yokha ya sipuling'i, ndiye mukaitalikitsa ndi 50 mumakwera 25 basi, uku mphuno ya difu yatembenuka ndipo kumbuyo kwayamba kugwedezekera m'mbali. Mabuloko oika pakati pa sipuling'i ndi ekiselo amatheka pa Hilux, poti sipuling'i yake imakhala pamwamba pa ekiselo, koma amapatsa ekiselo mphamvu yopotokola sipuling'i mukamakoka pachitunda ndi giya yoyamba. Pa 79 sipuling'i imadutsa pansi pa ekiselo, moti buloko ingaitsitse galimoto m'malo moikweza. Kuwonjezera pale limodzi kuli bwinoko kuposa ziwirizi, makamaka kwa wonyamula matumba a mpunga kapena matabwa, ngakhale kuti mapale otopa aja amakhala otopabe.

Kanthu komwe pafupifupi aliyense amaiwala kali pamwamba pa ekiselo yakumbuyo ya Hilux ndi Land Cruiser zakale zopanda ABS: valavu ya mabuleki yokhala ndi kandodo kofika pa ekiselo. Imayeza mmene galimoto yakhalira pansi, n'kupereka mphamvu yambiri ku mabuleki akumbuyo katundu akachuluka. Mukakweza kumbuyo osakweza pomangira kandodoko, valavuyo imaona ngati galimoto ilibe kanthu ngakhale mutadzaza. Tsono tsikani phiri la Zomba ndi katundu, mabuleki akutsogolo akugwira okha, mudzamva fungo musanafike m'tauni. Kukonza kwake ndi kachitsulo kakang'ono chabe. Muonenso mapaipi a rabala a mabuleki galimoto ili pa jeke matayala akulendewera. Akakhala okokeka, asintheni ndi aatali.

Kukweza bodi yokha pa chasisi sikukhudza caster kapena CV, kumangopereka malo a matayala aakulu, pansi sipakwera. Kusamutsa masipuling'i a Land Cruiser kuchoka pansi kupita pamwamba pa ekiselo kumakweza masentimita opitirira 10, koma kumafuna kuwotcherera, kukonzanso zitsulo za chiwongolero ndi ma prop shaft. Galimoto yotalika chomwecho sindingaikwere pamakona a Ku Chawe.

Kwa ine, wa Hilux kapena Ranger yopita kumidzi atenge kiti ya 40 mpaka 50 yolingana ndi katundu wake, tayala lokulirapo sitepe imodzi, ndipo alignment achite tsiku lomwelo, nyali zakutsogolo aziwongolenso. Wa 79 asagule masipuling'i ngati ndalama ya caster palibe. Koma pali njira ina yomwe ogulitsa satchula. Galimoto zambiri zomwe eni ake akudandaula kuti zikugunda pansi sizifuna kukwezedwa, zinangogwa ndi zaka ndi katundu. Tengani tepi pamalo osalala, muyeze kuchokera pakati pa tayala kufika m'mphepete mwa bodi, mbali zonse zinayi, kenako muyeze galimoto ina ya mtundu womwewo yomwe sinavutike. Mukapeza kuti yanu yatsika ndi masentimita atatu, masipuling'i atsopano a saizi ya kufakitale akubwezerani atatuwo, caster ndi CV zili pamalo ake.