Kudziwa ngati thanki ya pulasitiki inapsa bwino popanda kuidula

Matanki a madzi amene ali pa nsanja ku Katoto, Chibavi ndi Luwinga mumzinda wa Mzuzu amapangidwa pothira ufa wa pulasitiki yotchedwa polyethylene m'chikombole chimene chimazungulira mbali ziwiri mu uvuni, mpaka ufawo utasungunuka n'kumata khoma lonse. Thanki yosapsa ndi thanki yopserera zimaoneka bwino kunja, koma zonse sizichedwa kung'aluka zikagundidwa. Opanga amatsimikiza podula chidutswa, kuchiziziritsa kufika pa -40°C n'kuchigwetsera chitsulo, koma palibe wogula amene angalole kuti thanki yake idulidwe.

Njira yotsika mtengo ndi tochi ndi mphuno. Mukatsegula chivindikiro n'kuwunika mkati, khoma losapsa limakhala lokhakhala, nthawi zina lokhala ndi timadontho ta ufa umene sunasungunuke, pamene lopserera limanyezimira kwambiri, limapita kuchikasu ndipo limanunkha pulasitiki yowauka. Ine ndinakanapo thanki ina chifukwa chala chinkakwakwata ngati ndikusisita khoma la simenti. Tsoka lake, matanki ambiri ndi akuda kapena obiriwira, choncho timathovu ta mpweya timene timatsalira m'kati mwa khoma losapsa sitioneka.

Makina a ultrasound, amene amatumiza mawu osamveka ndi khutu m'khoma n'kuyeza mawu obwerera, amathandiza, koma ambiri amawakhulupirira mopitirira muyeso. Ntchito yawo yeniyeni ndi kuyeza kukhuthala kwa khoma, ndipo amaulula msanga pamene pulasitiki inapyapyala. Timathovu tambiri timafooketsa mawu obwerera, zimene zingasonyeze kusapsa, koma thanki yopserera ingathe kudutsa mayesowa bwinobwino, chifukwa kukhuthala sikutanthauza kupsa.

Njira imene ndimaikhulupirira koposa ndi yoyeza kutentha kwa mpweya wa m'chikombole pamene thanki ikuphikidwa, njira imene inakula ku yunivesite ya Queen's University Belfast, ku Northern Ireland, kudzera mu chipangizo chotchedwa Rotolog. Polyethylene amasungunuka pakati pa 120°C ndi 130°C, koma timathovu timatha pokhapokha mpweyawo utafika pafupifupi 200°C, ndipo ukapitirira kwambiri khoma lamkati limayamba kuwonongeka. Nambala imeneyi imanena za kupsa kwenikweniko, osati maonekedwe chabe.

Komabe muyesowu umatheka ku fakitale kokha, thanki isanatuluke. Wogula wa kuno ku Mzuzu afunse wogulitsa ngati opanga amasunga zolemba za kutenthako, ndipo akapanda kuyankha momveka, atulutse tochi yake asanalipire ndalama.